Ndinakwecha Chala cha Kopolo Saizi

Pali zolakwa zina zimene umazifotokoza pagulu anthu n'kuseka, iwenso n'kuseka nawo. Changa ichi anthu amayamba ndi kuseka ndithu, koma ndikamafika kumapeto amayang'ana pansi. Mkulu wina anasunga chinthu zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi. Chinawoloka naye nyanja, chinapulumuka pa kusamuka nyumba kangapo, chinapulumukanso m'manja mwa malemu mkazi wake amene ndimamva kuti anali waukhondo. Ine chinanditengera mphindi makumi anayi zokha, ndi sitiliwulu ndi madzi otentha.

Ndiyambe ndi kudziulula: ine ndine munthu wokwecha. Kwathu ku Ntcheu mayi anga sankayang'ana m'kati mwa poto, ankamutembenuza n'kuyang'ana kunsi. Pakapezeka kadontho kakuda, unkabwerera kumchenga ndi phulusa mpaka uzidziona nkhope. Ndinakula ndikukhulupirira kuti chitsulo chosawala ndi umboni wa ulesi wa mwini wake, ndipo chikhulupiriro chimenechi ndinakwera nacho ndege.

Ku Hull, mzinda wa kuno kwa Angelezi, ndinabwera chapakati pa zaka za m'ma 2000, kutsatira amuna anga, bambo a Tadala, amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala. Ine ndinalowa ntchito yoyendera okalamba m'nyumba zawo: kuwasambitsa, kuwapangira tiyi, kuwakumbutsa mankhwala, kukonza m'nyumba, kenako kuthamangira basi kupita kwa wina. Za ukhondo wa kuno ndinali ndi maganizo anga (anthu otsuka mbale n'kuiyanika thovu lili pompo!), koma ndinkawasunga mumtima.

Mwa okalamba anga onse, amene ndinkawakonda anali a Walter. Anali aatali koma opindika msana, mwendo umodzi wokoka, maso atachita ng'ala moti ankandizindikira ndi mawu. Tsiku loyamba anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi, anaimirira movutikira n'kunena m'Chichewa chenicheni kuti, "Mwadzuka bwanji?" Inali 3 koloko masana, koma ndinayankha kuti ndadzuka bwino, misozi ili pafupi. Anandiuza kuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali ku Burma pamodzi ndi asilikali a kwathu, dziko likutchedwa Nyasaland. Chichewa chawo chinathera pa moniyo ndi "zikomo". Zina zonse zimene ndiwalankhulitse pano ankanena m'Chingelezi, ndikumasulira ndine.

M'nyumba mwawo munali kachipinda kakang'ono koyang'ana kuseri. Tsiku limene ndinatsegula chitseko chake ndikufuna pobisa huva, makina aja opopera fumbi, ndinatsala pang'ono kuthawira panja osavala nsapato. Pakhoma, pa misomali iwiri, panali mfuti.

"Musaope, love," anatero a Walter akuseka (okalamba a kuno amaitana aliyense choncho). "Imeneyo inafa kalekale. Anaiwotcherera m'kati, singaombe ngakhale nyemba. Pepala lake la boma lili m'dirowamo."

Inali mfuti ya asilikali yotchedwa Sten, yaifupi, yonyansa maonekedwe, ngati kuti wina anatola mapaipi a madzi n'kuwalumikiza mothamanga. Kabokosi ka zipolopolo kanatulukira cham'mbali kumanzere. Kumbuyo kunali chitsulo chopindidwa chotsamiritsa paphewa, chapakati pake pali pululu. Mfuti yonse inali yakuda, koma chitsulo cha paphewacho chinali ndi penti wobiriwira wa mathothomathotho, wokhuthala pena, wosendeka pena. Maso anga anakakamira pomwepo ndipo manja anayamba kuyabwa.

Kuyambira tsiku limenelo a Walter anandisandutsa mwana wa sukulu. Ndikamasita zovala, iwo ankakhala pampando n'kumaphunzitsa. Ankati Sten si imodzi. Ya mtundu wachiwiri, ngati yawoyo, mpope wake unkachotsedwa ndi manja ndipo polowetsa kabokosi pankatembenuzika. Ya mtundu wachitatu inali paipi imodzi yokhala ndi msoko pamwamba, ndipo inkapangidwa ndi fakitale ya zidole za ana. Ya mtundu wachisanu inabwera nkhondo ili kumapeto, ili ndi matabwa, yooneka ngati mfuti ya anthu olemekezeka. Ankati ogulitsa ambiri amasakaniza ziwalo, kachitsulo kokokera ka pambuyo pa nkhondo n'kukaika pa mfuti ya m'kati mwa nkhondo, ndiye wosadziwa amangogula. Iwo anatha zaka zambiri akuyenda m'misika ya zinthu zakale za asilikali, kufunafuna chiwalo chilichonse cha nthawi yake yeniyeni, chokhala ndi kachizindikiro ka boma kooneka ngati phazi la nkhuku.

Mukuona kuti ndikuzikumbukira bwino. Ndinaziphunzira pambuyo pake, chifukwa cha manyazi. Pa nthawiyo ndinkangoti "Eya, a Walter", "Zoona, a Walter", maganizo ali pa basi ya 4 koloko. Ndiye ngati ananenapo chifukwa chimene munthu angathere zaka kumanga mfuti yakufa chiwalo ndi chiwalo, ine chinandidutsa.

Chimodzi chokha ndinachimva bwinobwino, chifukwa anachibwereza kangapo: "Kachipindako kasiyeni, love. Musavutike nako."

Apa ndiye pamene panagona tsoka langa, ndipo ndikupempha a kwathu mundimvetse. Kwathu mkulu akati "musavutike", ndi ulemu chabe. Apongozi akati "siyani, mwanangu, nditsuka ndekha", wosiyadi ndi wopanda mwambo, ndipo mbiri yake ifika kwawo iye asanafike. Ine ndinamva mawu a a Walter ndi makutu a ku Ntcheu. Ndinati mkuluyu ndi wofatsa, akuchita manyazi kundituma.

Lolemba lina anandiuza kuti Loweruka kubwera mlendo, mnzawo wotchedwa Dennis, katswiri wa mfuti zakale amene ankathandiza pa kanyumba kena kosungirako zinthu za mbiri ya asilikali. Ankabwera kudzaiona mfutiyo ndi kulemba zonse, chifukwa a Walter anaganiza zoipereka kumeneko iwo asanafe. Mlendo! Mawu amenewa kwa ine ali ngati belu. Mlendo akamabwera timasesa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Ndiye chinthu chenicheni chimene mlendoyo akudzaona chikhale ndi mathotho ngati poto wa mbeta yaulesi, ine ndili pomwepo? Anthu adzati m'nyumba muno mumagwira ntchito ndani?

Lachitatu mwana wawo wamkazi anawatenga kupita nawo kuchipatala cha maso, ine n'kutsala ndekha ndi maola awiri okonza m'nyumba. Ndinati ndingopukuta fumbi pa mfuti ija basi. Ndinapukuta, mathotho ali pomwepo. Ndinanyowetsa kansalu, osasintha. Ndinaitsitsa pakhoma, kuinyamula ngati khanda mpaka kusinki (katani ndinatseka, chifukwa mayi wachikuda wotsuka mfuti pawindo ku Hull sakanatha kufotokoza bwino kwa apolisi), n'kutulutsa sitiliwulu amene ndinkayenda naye m'chikwama. Inde, ndinkayenda naye.

Pentiyo anali wouma mtima, koma sanakumanepo ndi mwana wa mayi anga. Pamalo ena, pafupi ndi pokhotera, panali kabampu kokhuthala kokhala ndi timizere. Pamenepo ndinachita kuthira madzi otentha ndi kukanda ndi mpeni wa buledi. Pomaliza chitsulocho chinawala ngati supuni yatsopano. Ndinachiyang'ana ndi chimwemwe cha munthu amene wachita zabwino mobisa. Nthawi ya basi itakwana ndinaibwezera pakhoma, ndikudzilonjeza kuti mbali yakudayo ndidzaimaliza Lachisanu. Kunena zoona, mfuti yotsalayo inapulumutsidwa ndi basi.

Lachinayi m'mawa ndinawapeza a Walter atakhala kale pampando, atavala, tiyi asanamwe. Moni wawo uja sanandipatse. Ndinaganiza kuti ndi mankhwala a m'maso.

"Khalani pansi, love," anatero. "Pali nkhani imene sindinakuuzeni bwinobwino. Ndikufuna muidziwe Dennis asanabwere."

Anandiuza za Kopolo Saizi, mmodzi wa asilikali a kwathu aja. Anali wa kufupi ndi phiri lalikulu la Mulanje, wamfupi, woseka ndi thupi lonse, ndipo ndi amene anawaphunzitsa moni uja. M'nkhalango za ku Burma chitsulo chowala chinkaitana chipolopolo, choncho tsiku lina asilikali anapatsidwa penti wobiriwira kuti apake mfuti zawo. Saizi sanali munthu wodikira. Ananyamula yake penti asanaume, chala chake chachikulu n'kudinda pachitsulo cha paphewa. Anzake anamuseka, iye n'kuti ndiye bwino, tsopano palibe angaibe.

Patapita masiku ochepa gulu lawo linawomberedwa powoloka mtsinje. A Walter chipolopolo chinawalowa m'mwendo, ndipo Saizi anawabereka kumsana mpaka kutsidya. Atawatsitsa anabwerera kukatenga wina. Sanabwerenso. M'mawa mwake anapeza mfuti yake yokha, yophwanyika, chitsulo cha paphewa chokha chili chamoyo. A Walter anachibisa m'chikwama mpaka ku Hull.

"Mfuti yonse ija ndinaimanga chifukwa cha chitsulo chimenecho," anatero. "Zina zonse ndinagula. Manda ake sindikuwadziwa, chithunzi chake ndilibe. Chimene chinatsala cha Saizi ndi chala chimenecho. Dennis akuti akachiika m'galasi, pansi pake alembe dzina lake pakakhadi. Kadzakhala koyamba dzina lake kulembedwa pamalo poti anthu awerenge."

Analozetsa nkhope kwa ine. Ankadikira.

Abale anga! Kabampu kokhala ndi timizere kaja, kamene ndinakakanda ndi mpeni wa buledi! Apa ndi pamene munthu wanzeru akanagwada n'kunena. Koma ine ndinayang'ana maso awo a ng'ala aja n'kudziuza kuti sanaone, ndipo mwina sadzaona. Ndinati, "Nkhani yomvetsa chisoni, a Walter," n'kupita kukawiritsa madzi a tiyi. Mwa zonse zimene ndinachita sabata imeneyo, chiganizo chimenechi ndi chimene chimandichititsa manyazi koposa.

Madzulo ndinawauza bambo a Tadala akuvula nsapato za kuntchito. Anandimvetsera mpaka kumapeto, nsapato imodzi ili m'manja.

"Mayi a Tadala, mawa mukangofika mukawauze. Just tell him. Kenako muimbe ku office."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti munthu amene anakuberekani ndamutaya musinki?"

"Nanga si ndi zimene zachitika?"

"Inu simukumvetsa. Ndi penti chabe. Penti amagulitsa."

Anandiyang'ana mmene amayang'anira wodwala amene wakana mankhwala. "Mukufuna kuika plaster pa chilonda chosatsuka," anatero. Ndinawayankha kuti za kuchipatala azisiye kuchipatala.

Lachisanu m'mawa ndinali m'sitolo ya zomangira, kutsogolo kwa shelefu ya penti wobiriwira. Sindinkadziwa kuti kubiriwira kuli ndi mitundu yochuluka chonchi. Wogulitsa anandifunsa chimene ndikufuna kupaka, ine n'kuti geti. Anandipatsa kachitini ka penti wa mipanda ndi mageti, n'kundilangiza kuti ndidikire tsiku louma. Ku Hull! Ndikanadikira mpaka Khirisimasi.

A Walter atagona tulo tawo ta masana, ndinanyamula mfuti ija kupita nayo kukashedi, kanyumba ka zipangizo ka kuseri. Ndinapaka mothothomoza dala, kutsanzira mathotho omwe aja ndinawanyoza. Kenako ndinapuma kwambiri, ndinapempha Mulungu andikhululukire (taonani kulimba mtima kwake, kupempha chikhululukiro tchimo usanalimalize), n'kudinda chala changa chachikulu pafupi ndi pokhotera. Chinaterereka. Ndinapakanso, n'kudindanso. Kachitatu chinakhala. Koma chitsulocho chinkaoneka chatsopano ngati geti la munthu wobwera kumene kuchokera ku Joni, ndiye ndinatapa dothi m'munda wa maluwa n'kuwaza pamwamba kuti chikalambe. Ndinachiumitsa ndi chowumitsira tsitsi cha malemu mayi a m'nyumbamo. Poibwezera mfutiyo pakhoma ndinatsegula windo kuti fungo lituluke, ndipo ndinadziuza kuti sichikuoneka moipa kwenikweni.

Chimene sindinachiganizire ndi chala changa. Ndinachitsuka ndi sopo, ndi mafuta ophikira, ndi sitiliwulu yemwe uja mpaka khungu linatuwa, koma penti anakhazikika m'mbali mwa chikhadabo n'kukana kuchoka. Ine amene sindinagonjepo ndi poto aliyense.

Loweruka silinali tsiku langa la ntchito, koma a Walter anali atandipempha kuti ndibwere. "Ndinu wa kwawo kwa Saizi," anatero. "Payenera kukhala munthu wa kwawo." Ndinafika nditavala magolovesi a buluu a kuntchito, ndipo ndinapereka tiyi ndi mabisiketi ndili chivalire. A Dennis, bambo wonenepa wa ndevu zoyera ndi mawu ofatsa, anandiyang'ana m'manja koma sanafunse. Nawonso anavala awo oyera a nsalu, anayala thaulo patebulo, n'kutulutsa galasi lokulitsa zinthu, katochi ndi kabuku.

Anayambira kutsogolo kwa mfuti, pang'onopang'ono, ngati dokotala woyeza mwana. Ankatchula chiwalo, a Walter n'kuvomera ndi mutu.

"Mtundu wachiwiri, palibe chokayikitsa. Phazi la nkhuku ili apa, nambala yake ikugwirizana ndi fakitale yake. Kachitsulo kokokera ndi koyambirira, si kaja anadzasintha pambuyo pake. Mwachita bwino, Walter, timeneti tikusowa. Kabokosi ka zipolopolo sikanakonzedwepo nkhondo itatha, kakanakhala ndi timisomali tina m'mbali. Lamba ndi wa nsalu yoyenera, chidindo chake chikuwerengeka."

Chiwalo chilichonse chikadutsa, galasi lija linkasendera kumbuyo, kufupi ndi ntchito ya manja anga. Ndinaima pafupi ndi chitseko nditagwira thireyi, thukuta likuyenderera m'magolovesi.

Atafika pa chitsulo cha paphewa, a Dennis anasendeza galasi lija pafupi. Anayatsa katochi. Anawerama n'kununkhiza. Anakhudza pang'ono ndi chala, golovesi loyera lija n'kubwerako lobiriwira. Kenako ndi kachitsulo kotolera tinthu anatola kanthu kena n'kukayang'anitsitsa pagalasi.

"Walter," anatero motsitsa mawu, "ine chitsulo ichi ndinachionapo kawiri konse. Penti wake anali wouma ngati fupa, ndipo chala chinali chachikulu kuposa ichi, cholozera mbali inayo. Uyu ndi penti wa dzulo. Ndipo aka ndi kanjere ka maluwa."

Ndinaika thireyi pansi, ndinavula magolovesi, ndipo ndinachita chimene thupi langa limadziwa kuchita pamaso pa mkulu amene ndamulakwira: ndinagwada pakapeti. A Dennis anadzambatuka poganiza kuti ndakomoka, n'kuyamba kufunsa ngati ndikufuna madzi. Ndinati ayi, kwathu timapepesa chonchi. Ndiye ndinanena zonse, sitiliwulu, mpeni wa buledi, geti, dothi, chowumitsira tsitsi. Pofika pa chowumitsira tsitsi a Dennis anatsokomola n'kuyang'ana kudenga, ndipo sindikuwaimba mlandu.

A Walter sanaseke. Anatsamira ndodo yawo ndi manja onse awiri.

"Ndinadziwa Lachinayi m'mawa," anatero. "Maso anga anafa, koma ine chala chija sindinkachiona ndi maso. M'mawa uliwonse ndinkalowa m'kachipindamo, n'kuika chala changa pa chake, n'kumufunsa kuti wadzuka bwanji. Lachinayi ndinapeza posalala."

Ndinalira ngati mwana. Ndiye kuti nkhani ija anandiuza akudziwa kale, kundipatsa mpata woti ndinene ndekha, ine n'kupita kukawiritsa madzi.

"Kukwechako ndinakukhululukirani tsiku lomwelo," anapitiriza. "Ndinadziwa kuti munachita pofuna kundilemekeza. Anthu a kwanu ndimakudziwani, mawu oti 'siyani' simuwamva. Saizi atanditsitsa kutsidya kuja ndinamugwira malaya, ndinamuuza kuti asabwererenso, asiye. Anandimwetulira ngati ndanena zaulemu chabe, n'kupita." Anatembenuzira nkhope kwa ine. "Chimene chandipweteka ndi pentiyu, love. Munaganiza kuti sindingasiyanitse chala chake ndi cha munthu wina."

Ndikanakonda akanandikalipira, kapena kuimba foni ku ofesi kuti asadzandionenso.

A Dennis anayesa kufewetsa zinthu, koma anali munthu woona mtima. Anati chitsulocho ndi cha nthawi ya nkhondo ndithu, mapindidwe ake ndi kawotcheredwe kake zikuchitira umboni, koma zotere zinapangidwa zambirimbiri ndipo ku kanyumba kawo ka mbiri kaja ali nazo m'mabokosi. Chimene chinkachisiyanitsa ndi zinzake chinali penti wa m'nkhalango ndi chala chija. Popanda zimenezo panalibe choika m'galasi, ndipo panalibe poika kakhadi. Mfuti yotsalayo akanailandira mosangalala, koma ya Saizi inathera musinki. Anatseka kabuku kawo, anamwa tiyi wozizira uja chifukwa cha ulemu, n'kutsanzika.

Titatsala awiri, ine ndidakali pansi, a Walter anatambasula dzanja.

"Bweretsani chalacho."

Ndinawapatsa. Anachifufuza ndi chala chawo, pakhungu lotupa ndi sitiliwulu, pachikhadabo chobiriwira. Kenako anandigwira dzanja mwa kwathu, kugwira chikhatho, kutembenuza n'kugwira chala chachikulu, n'kubwereranso ku chikhatho. Sindinawaphunzitse ine zimenezo.

"Mwadzuka bwanji?" anatero.

Inali pafupifupi 5 koloko madzulo. Ndinati ndadzuka bwino, kaya iwo.

A Walter sanakanene chilichonse ku ofesi. Ndinapita ndekha kukanena, ndipo bwana wanga, atamvetsera mpaka pa kanjere ka maluwa, anandilembera chenjezo n'kundipempha kuti sitiliwulu azitsala kunyumba. Kwa a Walter ndinapitirizabe kupita kwa chaka china ndi miyezi. M'mawa uliwonse ankandidikira pampando dzanja lili chotambasula, ndipo m'kachipinda kaja sindinawaonenso akulowa. Sindinganame kuti zinthu zinabwerera mwakale. Ankaseka nane, ankandiphunzitsabe za mitundu ya Sten (tsopano ndinkazimitsa simbi n'kumvetsera), koma masiku ena ndinkawapeza akusisita chala chawo chachikulu pa ndodo, ndipo ndinkadziwa chimene akufunafuna.

Atamwalira, mwana wawo anandiimitsa panja pa tchalitchi n'kundipatsa phukusi lokulungidwa m'thaulo. Mfuti inapita kwa a Dennis, ataiika chitsulo china cha m'mabokosi awo aja. Chitsulo cha Saizi a Walter anali atanena kuti chipite kwa ine, monga chinalili, ndi penti wa geti, dothi la m'munda ndi chala changa chonama.

Ndinayesa kufunsa kwathu. Ndinatuma uthenga kwa anzanga a ku Mulanje ndi ku Phalombe, koma a Saizi ndi ambiri, ndipo amene akanakumbukira kopolo wamfupi woseka ndi thupi lonse anapita kale. Choncho chitsulocho chili pakhoma pabalaza pathu. Pansi pake ndinamata kakhadi kamene ndinalemba ndi dzanja langa: Kopolo Saizi, wa kufupi ndi phiri la Mulanje, anabereka mnzake n'kubwerera kukatenga wina. Si galasi la nyumba ya mbiri, ndipo owerenga ake ndi alendo a kutchalitchi obwera kudzamwa tiyi. Aliyense wofunsa ndimamuuza nkhani yonse, osadumpha mpeni wa buledi. N'chifukwa chakenso ndalilemba dzinalo pano.

Mwina mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinasintha. Mkulu akati "siyani" masiku ano ndimafunsa kawiri ngati akunenadi zoona, zimenezo ndinaphunzira. Koma chitsulo chija chimagwira fumbi moopsa, ndipo chili pamalo poti ndikakhala pasofa ndimachiona. Loweruka lapitali, tikuyembekeza alendo, bambo a Tadala anandipeza nditaima patsogolo pake, kansalu konyowa kali m'manja. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa kansaluko. Ndinawauza kuti ndimangofuna kupukuta kakhadiko kuti dzina lizioneka bwino. Zinali zoona, koma theka lokha.